Tsiku Limene Ndinagwadira Mkazi wa Malemu Gondwe

Ngati muli ndi m'bale ku Zingwangwa, mwina kavidiyo kaja kanakupezani kale pa foni. Mdala wa imvi, jekete lachikopa, gitala ili pakhosi, wagwada pamaso pa mayi wovala zakuda, kukamwa kuli yasa. Ena akuti mdalayo anali atalawa. Ena akuti mutu unasokonekera. Mdalayo ndine. Mowa ndinausiya kalekale (za mutuzo sinditsutsa kwambiri), ndiye poti aliyense wanena zake, lekani nanenso ndifotokoze mmene zinayendera.

Ine ndaimba roko kuyambira ndili mnyamata. Roko ndi chamba chija cha magitala amagetsi, chimene makolo athu ankati ndi phokoso la anthu osalangizidwa. Azungu oimba chamba chimenechi ankasunga tsitsi lofika m'mapewa, koma ife tinkameta bwinobwino ngati makalaliki, chifukwa masiku amenewo tsitsi lalitali linkakugoneka m'chitokosi. Masana ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Ndikaweruka ndinkakwera mtunda wa ku Ndirande, kumene tinkachitira pulakatisi kuseri kwa galaja ya amalume ake a Makwinja, woimba ng'oma wathu. Bandi tinaitcha Ziphaliwali. Cholinga chathu chinali chakuti tikayamba kuimba ku Ndirande, agalu a ku Chilomoni auwe.

Bezi, gitala ya mawu a pansi ija, ankaimba Gondwe. Anali Mtumbuka wa ku Rumphi, kalaliki wa m'boma, munthu wobwera ku pulakatisi atamanga tayi. Sankalankhulalankhula. Pa siteji ankaima kumanzere kwanga ngati mtengo wa magetsi, zala zokha zikuyenda. Koma nyimbo zathu zonse zinkayambira m'mphuno mwake. Ankafika akung'ung'udza kanyimbo, n'kunena kuti, "Wamunyane, tamva aka," (wamunyane ndiye kuti mnzanga kwawoko) ine n'kuikapo mawu. Iye ankabweretsa mafupa, ine mnofu.

Anthu amandifunsa kuti nyimbo imachokera kuti. Sindidziwa. Chimene ndaona n'chakuti nyimbo imene waikhalira pansi mwezi wathunthu, kuisema ngati mpini, anthu amaimva kamodzi n'kuyasamula. Imene yatuluka mwachibwana ndiyo imakutsatira mpaka kumanda. Yathu yotero inabadwira kumbuyo kwa lole, tikutsetsereka kupita ku Chigwa kukaimba, titakhalira masipika, dzuwa likutiwamba. Tinadutsa pa siwa ina m'mbali mwa msewu, ndipo tinaona bambo wina akupepesa namfedwa mwakhama kwambiri, dzanja osalichotsa paphewa. Makwinja anayamba kumenya chitini cha mafuta, Gondwe n'kung'ung'udza, ine n'kukuwa:

Mlamu usalire, ine ndilipo,
achimwene apita, bulangete latsala,
chitseko usatseke, kunja kukuzizira.

Tinaseka mpaka misozi. Titabwerera m'tauni tinakaijambula ku situdiyo ya wailesi, kumene kunali maiki imodzi yolendewera pakati, tonse titaizungulira ngati tikuotha moto. Injiniya wake anatichenjeza kuti thepi ndi yosowa, wolakwitsa adzayankha yekha. Tinaimba kamodzi, basi. Nyimbo ija inawanda dziko lonse. Kuyambira ku Bangwe mpaka ku Mzuzu, m'mabala, m'maholo a m'maesiteti a tiyi, tisanamalize n'kuchuna komwe anthu ankayamba kukuwa kuti, "Usalire! Usalire!" Ndinali ndi kachitidwe kanga. Ndinkaiyamba ndekha ndi gitala, maso nditatsinzina, ndipo ikafika pa kolasi ndinkatsika pa siteji, kusankha mayi mmodzi pagulu, n'kumugwadira. Azimayi ankathawa, azibambo akugubuduka ndi phwete.

Tsono pali mbali ina imene anthu ambiri saidziwa. Gondwe atakwatira NyaChirwa, anakhala ndi mwana wamkazi, dzina lake Tiwonge. Mwanayu sankagona popanda bambo ake kumung'ung'udzira nyimbo yomwe ija, koma pang'onopang'ono, mawu oti mlamu atasanduka mwana. Tiwonge anamwalira ndi malungo asanayambe n'sukulu yomwe. Patapita miyezi, Gondwe anabwera ku pulakatisi wopanda tayi, n'kutiimbira mawu amene anapeka yekha, koyamba ndi komaliza m'moyo wake:

Mwana usalire kumene uliko,
kulira tikulira ife kuno,
iwe gona.

Kagwiridwe ka nsambo n'komwe kaja, njira ya nyimbo n'yomwe ija. Chinasintha ndi liwiro ndi mtima basi. Tinaijambula, wailesi inaiulutsa mwa apo ndi apo, kenako inaiwalika. Pa siteji sitinaiimbepo, chifukwa Gondwe sankatha kufika nayo kumapeto.

Tsopano ndinene za makutu anga, poti ndi pamene pagona nkhani. Makutu sagontha tsiku limodzi. Zimayamba ngati nyenje ikulira m'mutu mukatha kuimba, m'mawa n'kupeza yaleka. Kenako imabwera ndi katundu wake n'kukhazikika. Ine ndinaima kutsogolo kwa ampu, chija chokuzira mawu a gitala, kwa zaka zochuluka kuposa zimene ana anga akhala ndi moyo, ndipo ndinkanyadira kuti buluku likunjenjemera ndi phokoso. Zoyamba kundithawa zinali mbalame. Kenako mawu a ana. Kenako ndinayamba kudandaula kuti anthu a masiku ano amalankhula ngati akutafuna chinangwa.

Woyamba kuzindikira anali Gondwe. Tinapita ku kasitudiyo kena ku Machinjiri kukajambulanso nyimbo zathu zakale, poti mathepi aja anatha n'chinyontho. Mwini situdiyo anali kuseri kwa galasi, akulankhula nafe kudzera m'zovala kumakutu zija. Nditamaliza vesi ndinaona milomo yake ikuyenda, ndiye ndinawerama mwaulemu n'kuti, "Zikomo kwambiri, ndi luso la kalekale." (Ndinamva pambuyo pake kuti munthuyo anati, "Madala, mwathamanga, tibwereze.") Makwinja anaseka. Gondwe sanaseke. Anangondiyang'ana nthawi yaitali.

Kuyambira tsiku limenelo anasendera pafupi nane pa siteji. Nyimbo iliyonse isanayambe ankatembenukira kwa ine n'kutchula dzina lake ndi milomo yokha, moonekera bwino. Ankaponda pansi ndi phazi kuti ndione liwiro. Nyimbo ikamatha ankakweza khosi la bezi. Munthu akatifunsa kanthu, iye ankayankha msanga, kapena kubwereza funsolo mokweza ngati akudzifunsa yekha. Sitinakambiranepo za nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Amuna a msinkhu wathu timakondana choncho, mosanena.

Gondwe anatisiya chaka chatha, atadwala shuga nthawi yaitali. Tinakamuika kwawo ku Rumphi. Kumeneko kunali nyimbo za m'buku zokhazokha, gitala sikanaloledwa ngakhale pachipata. Chaka chitatha, NyaChirwa anakonza mwambo wa chikumbutso mu holo ya tchalitchi chawo ku Zingwangwa, kuti anzake a m'tauni amene analephera ulendo uja amulire nawo. Abale a malemu anatsika kuchokera kumpoto. Ife otsala a Ziphaliwali, ine ndi Makwinja, tinapemphedwa kuimba nyimbo ziwiri zofatsa. Pa bezi tinapeza a Kachingwe, mphunzitsi wina amene amaimba m'kwaya. Munthu wabwino, wodziwa ntchito yake, koma akamaimba amayang'ana zala zake zokha.

M'mawa wa tsikulo, ndikupukuta jekete langa lachikopa kwathu ku Chilomoni, amake Dalitso, akazi anga, anaima pakhomo la kuchipinda.

"Mwawauza anzanuwo?"

"Chiyani?"

"Za makutu."

"Za kuti?"

"Ndati za makutu!"

"Nanga mukukuwiranji? Ndine gonthi ine?"

Anandiyang'ana monga amayang'anira mkaka wowira umene watsala pang'ono kutayika, n'kupita kukavala. Kunena zoona, ndinali ndi mantha. Aka kanali koyamba kukwera siteji popanda Gondwe. Koma ndinadziuza kuti nyimbo ndi ziwiri zokha, ndazidziwa moyo wanga wonse, ndingathe kuziimba ngakhale nditamira m'madzi.

Holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala NyaChirwa, atavala zakuda, duku atalimanga motsika. Pambali pake panali achimwene ake aakulu a malemu, mkulu wamtali woyenda ndi ndodo, amene aliyense ankangoti adada. Kenako abusa, akulu ampingo, amayi a mumpingo atavala zoyera, anzake a ku ofesi opuma pantchito, ndi madala angapo amene ndinawazindikira kuti tinkakumana m'mabala kale, lero atanyamula Mabaibulo. Chithunzi cha Gondwe chinali patebulo, atamanga tayi.

Mapemphero ndi malankhulidwe ndinawadutsa mwaluso limene ndaphunzira. Anthu akagwedeza mutu, nanenso ndinkagwedeza. Akati ame, ndinkatsatira mochedwerako pang'ono. Itafika nthawi yathu, ndinakweza ampu kuti ndizimva gitala yanga ngakhale m'mafupa, ndipo tinaimba nyimbo zathu ziwiri. Zinayenda. Ndinaona amayi ena akupukuta m'maso. Mumtima ndinati, mwaona, amake Dalitso, nkhawa zachabechabe.

Ndikuti ndizivula gitala, NyaChirwa anaimirira n'kupempha maiki. Izi sizinali pa pulogalamu. Anaigwirira pachifuwa, kutali ndi pakamwa, n'kumalankhula motsitsa, nkhope itayang'ana pansi. Ndinaona holo yonse ikuzizira. Amayi ovala zoyera anayamba kusisima, adada anavula magalasi. Ine sindinkamva kanthu koma nyenje yanga. Kenako mayiyo anadzutsa nkhope, n'kundiyang'ana ineyo, ndipo ndinatola mawu awiri okha, lina poyamba, lina pomaliza.

"Mlamu... usalire."

Ndinatembenukira kumanzere, monga mwa chizolowezi. Kunali a Kachingwe, akupukuta magalasi awo. Ndinacheuka kwa Makwinja. Anali ataphimba nkhope ndi thaulo, mapewa akugwedera.

Pano ndipamene munthu wanzeru akanati, "Pepani mlamu, sindinamve, tabwerezani." Mawu ochepa, osalipira. Ndinawaganizira ndithu, anafika mpaka pammero. Koma kuwanena kunali kuvomera pamaso pa Zingwangwa yense kuti woimba wa Ziphaliwali samva. Ndiye m'malo mwake ndinayamba kudzinamiza, ndipo ndinadzinamiza mwaluso. Ndinati, moyo wanga wonse munthu akati usalire amatanthauza nyimbo imodzi. Ndinati, mayiyu ndi wolimba mtima, watopa ndi misozi, akufuna kuti timukumbukire mwamuna wake tikuseka. Ndinafika pomusirira. Ndinati, Gondwe, unakwatira mkazi.

Ndinaponda kabokosi kaja kokalipitsa gitala, n'kutsinzina.

Abale anga, ndinaiimba. Sindinaiimbepo choncho chiyambire. Zala zimene zimandivuta kumanga mabatani a malaya zinathamanga ngati za mnyamata. Gitala inalira mpaka malata a holo kunjenjemera. Ndinamva (kapena ndinaganiza kuti ndamva) ng'oma zikundithira moto kumbuyo, pamene Makwinja sanakhudze n'komwe timitengo take. Vesi yoyamba ndinaimaliza, ija yonena kuti achimwene anali munthu wabwino koma ankabwera mochedwa. Misozi inali kutsika m'masaya mwanga, chifukwa ine mumtima ndinali kulira mnzanga. Ikuyandikira kolasi, miyendo inadziwa yokha chochita. Ndinazula maiki pa chitsulo chake, kutsika masitepe, maso nditatsegula pang'ono pongoonera njira, ndipo ndinakagwa ndi bondo limodzi pamaso pa NyaChirwa, dzanja nditatambasula.

Mlamu usalire, ine ndilipo!

Akuti mkulu wina wa mpingo anali akundikupizira manja ngati akuimitsa minibasi. Akuti a Kachingwe anatsamiritsa bezi kukhoma n'kutuluka panja. Akuti adada anaimirira, ndodo ili m'mwamba, abusa n'kuwagwira mkono. Ine zonsezi sindinazione. Ndinamaliza za bulangete latsala, ndikupuma mpweya woti ndikwere nawo mzere womaliza, pamene wina anazula waya wa ampu pa soketi. Gitala inafa m'manja mwanga. Koma maiki inali yolumikizidwa ku masipika a tchalitchi, ndiye mawu anga anatuluka okha, opanda chowaphimba, mu holo ya zii:

Chitseko usatseke!

Ndinatsegula maso.

Nkhope ya NyaChirwa sindidzaiiwala. Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino. Anali atagwira pakamwa ndi mpango, akundiyang'ana ngati munthu amene wamenyedwa khofi ndi mwana wake. Kumbuyo kwake mafoni anali m'mwamba. Ndinafuna kuimirira, koma bondo linakana. Linauma gwa, monga limachitira m'nyengo yozizira, ndipo ndinatsala pomwepo, chogwada, dzanja lidakali lotambasula chifukwa ndinaiwala kulibweza.

Amene anazula waya uja anali amake Dalitso. Anabwera osathamanga, waya udakali m'manja, n'kuwerama pa khutu langa lakumanja, limene limayesako. Analankhula mokweza kuti ndimve, osadziwa kuti maiki ili pafupi ndi pakamwa pawo, ndiye holo yonse inamva nawo.

"Akuti mwana, bambo inu! Mwana Usalire! Nyimbo ya Tiwonge!"

Ndaimbapo pamalo pamene anthu anatigenda ndi mabotolo. Ndagonapo pa sitolo ya mwenye ku Kasungu lole itatithawa. Ndaonapo siteji ikugumuka tili pomwepo. Zonsezo ndimazisimba ndikuseka. Koma pamene dzina la mwana uja linalowa m'khutu mwanga, ndinamva ngati nthaka yandikana. Mayi anapempha mlamu wake kuti amuimbire nyimbo ya mwana wake wakufa, pa chikumbutso cha mwamuna wake wakufa, ndipo ine ndinamuyankha ndi za bulangete.

Makwinja ndi mkulu wa mpingo uja anandinyamula m'khwapa ngati thumba la makala. Adada analankhula mawu ambiri m'Chitumbuka, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga ndinathokoza kuti sindimva. Ndinatulukira khomo la m'mbali. Tinakwera minibasi, gitala ili pamiyendo yopanda chikwama chake, jekete lachikopa likundiotcha. Njira yonse amake Dalitso sanalankhule (kapena analankhula, ndingadziwe bwanji).

Ndinakhala m'nyumba masabata angapo. Ngakhale kukagula buledi pa kagolosale ka pafupi ndinkatuma. Dalitso anaimba foni kuchokera ku Lilongwe, kavidiyo katamupeza ku ntchito, ndipo amake anamuuza kuti bambo ako ali moyo koma asakuyankhule kaye. Gitala ndinaikankhira pansi pa bedi. Ndinali nditatsimikiza kuti basi, zoimba zatha, ndipo zatha moipa.

Tsiku lina m'mawa amake Dalitso anandiyalira malaya ndi buluku pabedi, n'kulemba ndi chala m'mwamba kuti tiyeni. Sindinafunse. Tinakafika ku chipatala, kuchipinda choona za makutu. Anandiveka zomvera, n'kundiuza kuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Ndinakhala nthawi yaitali ndikudikira kuti ayambe. Dokotala, mayi wachifatse, anabwera kutsogolo kwanga kuti ndione milomo yake.

"Bambo, tamaliza."

Anandifunsa ntchito imene ndinkagwira. Nditamuuza, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yake m'munda mwa mnansi. Patapita masiku anandipatsa timakina tiwiri tokoleka kuseri kwa makutu, tating'ono ngati nyemba. Anandiuza kuti zimene zinapita sizibwerera, koma zotsalazo tizisamale.

Nditatuluka panja ndinaima kaye. Dziko ndi laphokoso, anthu inu. Nsapato zanga zomwe zimalira. Kunyumba ndinapeza kuti mpopi wa kubafa umadontha, ndipo akuti unayamba kalekale. Mumtengo wa mapeyala kuseri muli mbalame. Ndipo amake Dalitso, akamatsuka mbale, amaimba motsitsa. Ndakhala nawo zaka zonsezi, ndinali nditaiwala kuti amaimba. Ndinakhala pakhonde n'kumawamvera, osawauza.

Kwa NyaChirwa tinapita Lachitatu lina m'mawa, titanyamula shuga ndi nkhuku. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma nditakhala pampando m'nyumba ija, bezi ya Gondwe itatsamira pakona, onse anabalalika.

"Mlamu," ndinatero, "ine ndabwera ngati galu amene wagwetsa mphika. Sindinamve. Makutu anga anatha kalekale, ndimangobisa."

NyaChirwa anasalaza chitenje pamaondo.

"Adada anasiya uthenga popita," anatero, nkhope ili gwa. "Akuti ngati muli siliyasi, kwathu timalowola ndi ng'ombe."

Amake Dalitso anaphulika kuseka, kenako NyaChirwa naye, mpaka onse awiri kugwirana manja. Ine ndinangoyang'ana pansi. Koma kuseka kuja kutatha, mayiyo anapukuta m'maso n'kulankhula mawu amene ndinawamva bwinobwino, lililonse.

"Mlamu, za makutu anuzo ndinkazidziwa. Anzanu ankabwera kuchokera koimba khosi likuwawa, ine n'kumawathowa. Ndikafunsa, ankati ndimakhala ndikumuyang'ana mnzanga. Ndinawauza kuti muuzeni apite kuchipatala. Iwo anati, yayi, ukamuuza asiya kuimba, ndipo akasiya kuimba afa. Tsiku lija kulakwa kunali kwanganso. Ndinali ndi chisoni, ndinaiwala kuti owauza kulibe."



"Koma zinandiwawa," anapitiriza. "Ndisakunamizeni. Masiku awo omaliza kuchipatala ankangoing'ung'udza nyimbo ija. Anati, ine ndinalephera kuimaliza pagulu, koma mnzanga adzaimaliza. N'chifukwa chake ndinapempha."

Anadzuka, kulowa kuchipinda, n'kutuluka ndi gitala ya bokosi imene Gondwe ankapekera nyimbo. Nsambo zinali ndi dzimbiri. Anaiika pamiyendo panga.

"Gulu ndi lomweli. Imbani."

Ndinachuna, ndipo koyamba m'zaka zambiri ndinachuna ndi makutu, osati ndi maso. Ndinayamba pang'onopang'ono. Mawu anga nditawamva ndinachita manyazi ena atsopano: okalamba, onjenjemera, otsetsereka pambali pa nyimbo ngati minibasi yopanda mabuleki. Choncho ndi mmene ndakhala ndikumvekera, ndipo mnzanga ankaima pambali panga osanena kanthu. Ndinafuna kuleka. Koma pa mzere wachiwiri NyaChirwa analowa, motsitsa, n'kundibwezera m'njira, amake Dalitso n'kugwira mawu a pansi. Tinafika pa iwe gona, pamene Gondwe ankathera mawu nthawi zonse, ndipo tinadutsapo, tonse atatu, mpaka kumapeto. Panalibe woomba m'manja. Panja wogulitsa makala ankadutsa akuitanira malonda ake, ndipo naye ndinamumva.

NyaChirwa anapita kukatereka tiyi. Gitala ija anati ndipite nayo.

Ndiye mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndinena kuti mawu oti sindinamve ndi opepuka kuposa bondo la munthu wokalamba. Ndimawauza achinyamata oimba kuti atalikirane ndi masipika, iwo n'kumandiyankha kuti bho madala, monga momwe nanenso ndikanayankhira. Timakina tanga ndimativala tsiku lililonse, ndipo nyimbo ya bulangete ija ndinalumbira kuti sindidzaiimbanso.

Koma dzana Makwinja anaimba foni ndikuchokera kosamba, timakina tili pawindo. Analankhula nthawi yaitali, mosangalala. Ndinatola mawu oti Loweruka, ndi oti Bangwe. Chanzeru chinali kumuuza kuti dikira kaye ndivale makutu. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Bho aise, ndibwera."

Mpaka pano sindikudziwa ngati ndi ukwati, chinkhoswe kapena maliro, ndipo kumuimbiranso ndikuchita manyazi. Amake Dalitso akuti apita nawo. Akuti akakhala kutsogolo, pafupi ndi soketi.